Mendulo za agogo anu a ku Santhe

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Santhe, kuno ku Kasungu. Akuti posesa m'nyumba ya malemu agogo awo anapeza thiranki yachitsulo, m'katimo muli mendulo ziwiri zokulunga m'kansalu. Imodzi ndi nyenyezi ya nsonga zisanu ndi imodzi yolembedwa kuti The Burma Star, inayo ndi yozungulira, ili ndi mutu wa mfumu George VI. Kumudzi amati agogowo anali "ofisala wa Keyala". Funso lawo ndi lakuti: kodi analidi ofisala? Nanga munthu amene akufuna kuzigula amugulitse?

Mayi, nyenyeziyo ikutiuza zambiri. Keyala ndi mmene makolo athu ankatchulira King's African Rifles, gulu lankhondo limene Angerezi anakhazikitsa mu 1902, ndipo anyamata a ku Nyasaland ankawasonkhanitsa ku Zomba. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse anayamba ndi kumenyana ndi Mataliyana. Mu July 1940 asilikali athu analimba nawo pa Moyale, m'malire a Kenya ndi Ethiopia, n'chifukwa chake barakisi ya ku Mzuzu ili ndi dzina limeneli. Ena anapita ku Madagascar mu 1942.

Koma Burma ndiye inali ng'anjo. Mu 1944 gulu la 11th East African Division linatsetsereka m'chigwa cha Kabaw nthawi ya mvula yosalekeza, likupirikitsa asilikali a Japan mpaka kumtsinje wa Chindwin. Taganizani mnyamata wokulira m'dambo la kwathu kuno, wozolowera khasu, ali m'matope ofika m'maondo, mfuti paphewa, katundu kumsana, malungo akugwetsa anzake tsiku ndi tsiku. Nyenyeziyo sankapatsa munthu wongomva za Burma m'makutu. Agogo anu anatumikira nawo pa nkhondo ya kumeneko.

Za uofisala ndikuuzeni mosabisa. Nthawi imeneyo maudindo a lefutenanti, kaputeni ndi kupita m'mwamba anali a azungu. Munthu wakuda ankakwera kuchoka pa kopolo, kufika pa sajeni, n'kuthera pa sajeni meja. Zimandiwawa ndithu, chifukwa masajeni amenewa ndiwo ankasenza nkhondo: ankamasulira malamulo m'Chinyanja, ankadziwa amene wadwala, amene walandira kalata ya maliro, amene mtima wamuthawa. Choncho akumudzi akamati "ofisala" sakunama kwenikweni, akutchula ulemu umene boma lachitsamunda linawamana. Ngakhale titalandira ufulu mu 1964, Keyala itasanduka Malawi Rifles, panapita zaka mpaka 1972 kuti Mmalawi, Graciano Matewere, atsogolere asilikali a dziko lino.

Kuti mudziwe udindo wawo weniweni, musadalire mendulo zokha, pakuti zambiri za nkhondo imeneyi zinkaperekedwa zopanda dzina. Bwererani m'thirankimo mufufuze kabuku kapena pepala lowatulutsira ntchito, pamakhala nambala yawo ya usilikali. Ngati pali chithunzi, yang'anani pamkono wa malaya: mizere iwiri ndi kopolo, itatu ndi sajeni. Mufunsenso agogo aakazi otsala m'mudzimo, iwo amakumbukira nyimbo zimene amunawo ankaimba pa mganda atabwerako.

Zogulitsazo ayi, mayi, ndakana. Ndalama imeneyo ithera pa thumba la feteleza, dzinja limodzi basi. Musazikwechenso ndi phulusa kapena mchenga ngati mapoto, ingozipukutani ndi kansalu kouma n'kuziika posafika chinyezi. Pa 11 November, tsiku lokumbukira asilikali, muzitulutse ana azigwire m'manja, ndipo mukapeza nambala ija mundilemberenso.