Thonje lilipo, nanga mafakitale a nsalu ali kuti?

Mmodzi mwa owerenga athu watilembera imelo yofunsa kuti: "Dziko likamalima thonje, n'chifukwa chiyani limagulabe zovala kunja? Kodi n'zoona kuti mafakitale a nsalu amatukula dziko losauka, kapena ndi nkhambakamwa chabe?"

Zikomo chifukwa cha funso lanuli. Si nkhambakamwa ayi. Britain, Japan, South Korea ndi China onse anayambira pa nsalu asanafike popanga zitsulo ndi magalimoto. Koma tikuuzeni mosapsatira kuti kukhala ndi thonje si kumene kumabweretsa mafakitale. Bangladesh imagula kunja pafupifupi thonje lonse limene imagwiritsa ntchito, komabe zovala zimaibweretsera ndalama zoposa 80 pa 100 iliyonse ya zimene imapeza pogulitsa katundu kunja, ndipo zimalemba ntchito anthu pafupifupi 4 miliyoni, ambiri mwa iwo amayi.

Kuchoka m'munda kufika pa malaya pali ntchito zisanu: kuchotsa njere, kupota ulusi, kuwomba kapena kuluka nsalu, kuinyika mu utoto, kenako kudula ndi kusoka. Iliyonse ili ndi zofuna zake.

Thonje lolemera makilogalamu 100 likalowa m'makina ochotsa njere, lotsala loti n'kupota limakhala makilogalamu 35 mpaka 40 basi. Zambiri mwa zotsalazo ndi njere, zimene amayengako mafuta ophikira, zotsalira zake n'kukhala chakudya cha ziweto. Mayiko ambiri olima thonje amathera pamenepa. Amamanga mabelo n'kutumiza kunja, phindu lalikulu n'kukadyedwa ndi ena. Ndipo ngakhale pamenepa pali msampha umene ambiri sauona. Mlimi akamatolera thonje m'matumba a pulasitiki, tizingwe ta thumbalo timasakanikirana ndi thonje. Makina satichotsa tonse, timapotedwa limodzi ndi ulusi, ndipo popeza pulasitiki salowa utoto wa thonje, nsalu yakuda imatuluka ndi timizere toyera. Wogula akaona zimenezi kamodzi, chaka chotsatira amatsitsa mtengo wa thonje la dera lonselo.

Pakati m'pamene pamavuta zedi. Fakitale yopota ulusi imafuna makina a madola mamiliyoni ambiri, koma imalemba anthu ochepa, ndipo kuti ibweze ndalama iyenera kuyenda usana ndi usiku. Magetsi akangothima, ulusi umaduka pa makina ambirimbiri nthawi imodzi, ndipo antchito amayamba kulumikiza umodziumodzi. Kunyika mu utoto ndiye kumafuna madzi ochuluka: kilogalamu imodzi ya nsalu imatha kudya malita 100 kapena kuposa. Utoto umagwira bwino madzi akakhala pa kutentha koyenera kwa nthawi yoikika. Magetsi akadukiza pakati, nsalu imatuluka mawangamawanga, kwina yowala kwina yakuda bii, ndipo mtanda wonsewo umakanidwa. Madzi otuluka mmenemo ali ndi mchere komanso mankhwala, moti popanda malo owayeretsera amapha mtsinje. N'chifukwa chake dziko limene magetsi ake ndi odukaduka limavutika kupikisana pa nsalu, thonje lichuluke bwanji.

Ntchito zambiri zili kumapeto, pa kusoka. Makina osokera si okwera mtengo kwambiri, ndipo munthu amene sanapite patali ndi sukulu amaphunzira m'milungu ingapo. M'fakitale sasoka ngati telala amene amayamba malaya mpaka kumaliza yekha. Anthu amakhala pamzere, wina akusoka mapewa okha, wina kolala, wina mikono, wina kupinda m'munsi. Mmodzi akachedwa, katundu amaunjikana patsogolo pake ndipo onse otsatira amangokhala manja lende. Choncho munthu wofunika kwambiri ndi kapitawo wodziwa kugawa ntchito pamzere, komanso makaniko wokonza makina msanga. Bangladesh inayambira pomwepa. Mu 1979 kampani ya Desh Garments inatumiza anthu 130 kukaphunzira ntchito ku kampani ya Daewoo ku South Korea, ndipo ambiri mwa iwo pambuyo pake anakatsegula mafakitale awo.

Ife timaona kuti nzeru ndi kuyambira kosokaku n'kumabwerera m'mbuyo. Osoka akachuluka, wowomba nsalu amakhala ndi womugula, kenako wopota ulusi, kenako mlimi. Mauritius inayenda njira imeneyi itakhazikitsa lamulo la madera opangira katundu wotumiza kunja mu 1970. Koma musanamizidwe ndi chiwerengero cha zogulitsa kunja. Pa mtengo wa chovala chikamatuluka m'fakitale, nsalu yokha imatenga kuposa theka. Ngati nsalu, mabatani, zipi ndi ulusi zonse zikuchokera kunja, ndalama zakunja zimalowera khomo lino n'kutulukira linalo, ndipo zotsala m'dziko ndi malipiro, lendi ndi ndalama za magetsi. Palinso nthawi. Nsalu ikatha mwezi ili panyanja, kenako kontena n'kugona padoko milungu iwiri kudikira mapepala, oda imachedwa, ndipo wogula amakulamulani kutumiza pa ndege mwa ndalama zanu. Phindu lonse limathera pomwepo.

Msika nawo umadalira ndale. Kuyambira 1974 mpaka kumapeto kwa 2004, mgwirizano wa Multi-Fibre Arrangement, kenako wina umene unaulowa m'malo mu 1995, unkaika malire pa zovala zimene mayiko ambiri osauka angagulitse kumayiko olemera. Utatha, China inasefukira pamsika ndipo mafakitale ambiri a mayiko ang'onoang'ono anatsekedwa. Lamulo la America la AGOA la mu 2000 linalola zovala za mayiko ambiri a mu Africa kulowa popanda msonkho, ndipo Lesotho inapezerapo ntchito masauzande ambiri. Koma Ethiopia, imene inatsegula dera la mafakitale ku Hawassa mu 2016, inachotsedwa mu AGOA mu Januwale 2022, anthu ambiri n'kutha ntchito. Msika wam'dziko nawo uli ndi kaunjika, amene fakitale yatsopano singapikisane naye pa mtengo. Rwanda itakweza msonkho wa kaunjika mu 2016, America inaiimitsira mwayi wogulitsa zovala mopanda msonkho mu 2018.

Chimene chimatiwawa mtima ndi mayiko amene amakopa eni mafakitale ndi malipiro otsika okha, osalabadira za chitetezo. Pa 24 Epulo 2013 nyumba ya Rana Plaza, mmene munali mafakitale osoka zovala pafupi ndi Dhaka ku Bangladesh, inagwa n'kupha anthu oposa 1,100. Ming'alu inali itaoneka dzulo lake, koma osoka analamulidwa kulowabe. Kuchokera nthawi imeneyo, ogula akuluakulu ambiri amatumiza anthu awo kudzayendera makomo othawira moto, mawaya a magetsi ndi mabuku a malipiro asanapereke oda.