Za sukulu ya boarding ya mtsikana wanu

Achemwali, mwati mwana sanasankhidwe ku Providence ndiye mukufuna ya private yogonera komweko kuno ku Mulanje kapena ku Thyolo. Choyamba funsani ngati sukuluyo inalembetsedwa ku unduna wa zamaphunziro komanso ngati ili ndi senta namba ya MANEB, chifukwa zina zimasunga ana mpaka folomu 4 kenako mayeso akukalembera kwina. Zotsatira za MSCE akuonetseni papepala, osati zapakamwa za ahedi.

Koma ine ndimalimbikira za hostel. Pitani mkati mwa sabata osawauza, lowani kuzimbudzi, tsegulani mpopi muone ngati madzi akutuluka, mawindo ali ndi magalasi kapena anangotseka ndi makatoni, paja chiperoni chikayamba mu June kuno kumazizira koopsa. Matron amagona pompo kapena amachita kuchokera kumudzi? Mpanda ulipo? Nthawi ya nkhomaliro suzumirani m'mbale za ana, zikakhala nyemba zofumbwa tsiku ndi tsiku mudziwiretu kuti pocket money izithera zigege ndi mandasi.

Fizi akuuzeni yonse, ya yunifolomu ndi PTA yomwe, ena amatchula theka dala. Ngati mukuganizirako Malamulo ku Makwasa, ija ndi ya SDA, Loweruka ndi Sabata.