Achimwene, magemu a RPG musawasanje potengera nkhani yake

Achimwene ena andilembera imelo, akuti iwo ndi anzawo akufuna kusanja magemu a RPG a patebulo, aja umasewera ngati munthu wa m'nkhani, m'magulumagulu kuti munthu watsopano asamasochere, ndiye akufunsa ngati zili bwino kungolemba kuti awa ndi a fantasy (a matsenga ndi malupanga), awa a horror (oopsa), awa a m'mlengalenga, basi. Imelo yake ndi yaifupi koma yandikhudza, chifukwa kasanjidwe kameneka kanandipasulirapo gulu limene ndinkalikonda kwambiri ndipo mpaka lero ndikaganiza zimandiwawa. Ndiye pepani achimwene, ndiyankha motalika.

Kwa amene simunasewereko, zimakhala chonchi: anthu anayi kaya asanu mwakhala pansi, aliyense ali ndi character wake, munthu wa m'nkhani amene akumusewera, wolembedwa papepala, mmodzi amene timati GM ndiye amafotokoza dziko ndi anthu ena onse a m'nkhanimo, iwe umangonena zimene character wako akufuna kuchita, pamene pali chikayiko mumaponya dayisi. Palibe sikirini, palibe bandulo, magetsi akathima mumangoyatsa tochi n'kupitiriza. Zinayamba mu 1974 pamene Gary Gygax ndi Dave Arneson anatulutsa Dungeons & Dragons (D&D mwachidule) ku America, ndipo anthu awiriwa anachokera ku magemu a nkhondo oseweretsa tizidole ta asilikali patebulo, Gygax anali atalembako kale ina yotchedwa Chainmail mu 1971. Mfundo iyi muisunge, chifukwa fungo la nkhondo lija silinachoke mu D&D mpaka pano.

Ine magemuwa ndinawadziwira ku Johannesburg ndili pasukulu, mnzanga wa m'kalasi ndi amene anandikokera, ndipo pobwerera ndinatenga kathumba ka madayisi a mbali 20, 12, 10, 8 ndi 4 aja chifukwa ndinkadziwa kuti kuno ukalowa m'shopu upeza ya Ludo yokha ya mbali 6. Tinayambitsa kagulu kathu, Loweruka madzulo. GM anali mnzathu wina wakhama zedi, ankajambula mapu pamapepala a masamu a timabokosi aja, zitsekerero za Fanta ndi Coke ndiye zinali anthu athu ndi adani athu. Pagululi panali chemwali ena, ndipo tinkasewerera kwawo chifukwa anali ndi tebulo lalikulu. Iwowa atafunsidwa kuti akufuna gemu yotani anati akufuna fantasy yokhala ndi ndale, kulimbirana ufumu, achibale kuperekana. Ndiye popeza pamndandanda umene anthu ankatumizirana mawu oti fantasy anali pamodzi ndi D&D, gulu linatenga D&D ya 5th edition, ya 2014 ija.

Character wawo anali mwana wa mfumu imene inalandidwa mpando. Tsiku lina tinafika pachipata cha mzinda umene unali wa bambo ake, pali mlonda wokalamba amene anamudziwa ali mwana. Chemwali aja anayika pensulo pansi, anayang'ana GM m'maso n'kuyamba kuyankhula ngati mwana wa mfumu uja, osakuwa ayi, pang'onopang'ono, kumukumbutsa mlonda kuti ndi iyeyo amene anamunyamula paphewa tsiku la maliro a mayi ake, kuti sakupempha asilikali kapena ndalama, akungopempha alowe akaone manda. Tonse tinangoti zii, ngakhale mnyamata wina amene sankasiya kutafuna mtedza anasiya. Atamaliza GM anati ponyani Persuasion, kutanthauza kuponya dayisi kuti tione ngati wamukopa mlondayo. Anaponya dayisi ya mbali 20, inagubuduka n'kukagunda botolo, 3. GM anayang'ana pepala lake nati mlonda wakana. Basi, nkhani inathera pompo. Mnzathu amene character wake anali wa nkhwangwa anati ndiye timenye, ndipo ndewu imene inatsatira inadya madzulo onse mpaka usiku, kuwerenga timabokosi, kuchotsera ma hit point (nambala ya moyo wa character), kudikira kuti nthawi yako ikwane, chemwali aja dzanja patsaya akungosuntha chitsekerero chawo akauzidwa. Sanadandaule. Anangoyamba kupeza zifukwa, lero kuli ukwati, lero ndatopa, ndipo poti nyumba inali yawo gulu linafa.

GM uja sindimamuimba mlandu ngakhale pang'ono, anatsatira buku. Inde buku la D&D limamulola GM kunena kuti walephera koma nkhani ipite patsogolo mwanjira ina, koma silimukakamiza kutero, ndipo ukayang'ana pamene masamba ambiri athera upeza ndi pa ndewu, zida, ma spell ndi zilombo. Gemuyo ikukuuza yokha chimene imadziwa. Amene analakwa ndi amene analemba kuti fantasy ndi gulu limodzi.

Tsopano taonani gemu ina. Mu 2010 Vincent Baker anatulutsa Apocalypse World, ndipo mmenemo umaponya madayisi awiri a mbali 6 n'kuphatikizapo nambala ya character wako. Ukapeza 10 kapena kuposa wapeza zimene umafuna. Ukapeza 7 mpaka 9 wapeza koma pali mtengo wake, mwina mlonda akulowetsa koma akufuna umulonjeze kanthu koopsa. Ukapeza 6 kutsika pansi GM akuyenera kuchitapo kanthu, zinthu ziipe, mlonda agwetse misozi kenako aimbe belu kuti akugwire. Mulibe zoti waponya ndiye palibe chachitika. Kuchokera pa gemu imeneyi munatuluka banja lonse limene amati Powered by the Apocalypse, ndipo mmodzi mwa ana ake ndi Dungeon World ya 2012, imene ili ndi ma elf omwewo, amatsenga omwewo, mapanga omwewo ngati D&D. Pamndandanda wanu achimwene ziwirizi zikhala moyandikana pansi pa fantasy, koma munthu amene wasewera zonse akuuzani kuti madzulo ake ndi osiyana kutalitali. Mbali inayi, RuneQuest ya 1978 ndi fantasy, Call of Cthulhu ya 1981 ndi horror, muziika kutali, chonsecho zonse ndi za kampani ya Chaosium ndipo injini yake ndi imodzi, luso lako ndi nambala ya pa 100, uponye pansi pa nambalayo wapambana. Amene wadziwa imodzi, inayo amaiphunzira madzulo amodzi. Kusanja potengera nkhani kuli ngati kusanja ma minibasi pa depoti potengera penti yake m'malo mofunsa kuti ikupita kuti.

Ndipo ndinene zoona, chimene chimandikwiyitsa kwambiri ndi mindandanda ija yolembedwa kuti D&D, kenako zina. Zina! Zaka 50 za anthu kulemba magemu mwaziika m'thumba limodzi. Ndikudziwa chifukwa chake, D&D ndi yaikulu, kampani ya Wizards of the Coast inagula TSR, imene inkasindikiza D&D, mu 1997 kenako Hasbro inagula Wizards mu 1999, ndalama zotsatsira zilipo, ndipo chiyambireni Critical Role, pulogalamu ya pa intaneti yoonetsa anthu akusewera, mu 2015 anthu ambiri akaona RPG koyamba amaona D&D. Koma si dziko lonse. Ku Japan anthu ambiri akamati RPG ya patebulo amaganiza Call of Cthulhu, ku Germany ali ndi yawoyawo Das Schwarze Auge kuyambira 1984. Ndipo January 2023 pamene zinamveka kuti Wizards ikufuna kusintha Open Game License, chilolezo cha mu 2000 chimene chinkalola ena kulemba zinthu pogwiritsa ntchito malamulo a D&D, anthu anakwiya mpaka kampaniyo inabwerera m'mbuyo n'kuika malamulo oyambira a 5th edition pansi pa Creative Commons, chilolezo cholola aliyense kuwagwiritsa ntchito. Nthawi imeneyo anthu ambirimbiri anayamba kufunsa kuti tisewere chiyani china, ndipo ambiri anathamangira ku Pathfinder poganiza kuti asintha, osadziwa kuti Pathfinder ya kampani ya Paizo, ya 2009, inabadwa kuchokera ku D&D 3.5. Gemu yabwino ndithu, 2nd edition yake ya 2019 ndewu zake ndi zokoma kuposa za D&D kwa ine, koma chemwali anga aja ikanawatopetsa chimodzimodzi.

Ena akuuzani kuti gwiritsani ntchito GNS, maganizo a Ron Edwards a cha m'ma 2000, oti osewera ena amafuna kupambana, ena amafuna nkhani, ena amafuna dziko loyenda ngati lenileni. Muli nzeru mmenemo, sindikana, ndipo magemu ambiri amene ndimawakonda anachokera kwa anthu amene ankakambirana zimenezi. Koma ndaona mmene anthu amazigwiritsira ntchito, zimasanduka zonyozerana, wokonda ndewu amaoneka ngati mwana, wokonda nkhani amadzimva ngati wophunzira. Mnzathu wa nkhwangwa uja sanali wopusa, ankasangalala zenizeni kuwerengera kuti aime pati kuti amenye awiri nthawi imodzi, ndipo chisangalalo chimenecho n'choyenera. Musasanje anthu, sanjani magemu. Komanso zoti rules light (malamulo ochepa) ndi crunchy (malamulo ambiri) zokha sizikwana, Mörk Borg ndi Lasers & Feelings zonse malamulo ake ndi ochepa koma ina character wako afa msanga mochititsa nthumanzi, inayo ndi tsamba limodzi loseweretsa mukuseka.

Za madayisi ndiye ine ndimaziona mosiyana ndi azungu olemba mindandanda. Kwa iwo ndi nkhani ya masamu, kwa ife ndi nkhani yoti tili nawo kapena ayi. Traveller ya Marc Miller ya 1977 imafuna madayisi awiri a mbali 6, GURPS ya 1986 imafuna atatu, Blades in the Dark imafuna ochepa chabe a mbali 6, Apocalypse World ndi ana ake ambiri amafuna awiri, zonsezi mukhoza kusewera ndi madayisi a m'mabokosi a Ludo. Shadowrun nayo ndi a mbali 6 koma odzadza manja. Dread ilibe dayisi n'komwe, mumasolola timatabwa ta Jenga, nsanja ikagwa character wako wapita. Apu ya pafoni yoponyera dayisi ilipo inde, koma foni ikangotuluka patebulo WhatsApp imatulukanso.

Ndiye ine ndimasanja chonchi

Gemu iliyonse ndimaifunsa zinthu ziwiri: ukalephera chimachitika n'chiyani, ndipo madzulo ambiri amathera pa chiyani. Mukafunsa zimenezi magulu amadzionekera okha.

Loyamba ndi la ndewu zowerengera ndi kukwera ma level, D&D ya masiku ano ndi Pathfinder, character wako amayamba wamphamvu n'kumangokulirakulira. Lachiwiri ndi limene amati OSR, obwerera ku D&D yakale, Old-School Essentials, Mörk Borg ya 2020, Cairn, kumeneko ndewu ndi chinthu chothawa, chimene chikupulumutse ndi nzeru zako iwe wosewera osati pepala lako, ndipo munthu amene amakonda character wake kwambiri muzimuchenjeza asanalowe. Lachitatu ndi la anthu wamba okhala ndi maluso, Call of Cthulhu, RuneQuest, Traveller, Cyberpunk ya Mike Pondsmith ya 1988, mumafufuza, mumafunsa, chipolopolo chimodzi chikhoza kukumaliza, ndipo mu Call of Cthulhu ngakhale mutu wa character wako umatha kusokonekera ndi zimene waona. Lachinayi ndi limene kulephera kumakankha nkhani, banja la Apocalypse World, Fate Core ya 2013, ndi Blades in the Dark ya John Harper ya 2017 imene ndimaikonda kuposa zonse, muli gulu la mbava ndipo simutaya maola kukonza pulani, mumangolowa m'nyumba yoti mube, zikavuta unena kuti dzulo ndinamupatsa kale mlondayu kangachepe, n'kulipira ndi stress, nambala yoonetsa kupanikizika kwa character wako. Apa ndi pamene chemwali aja ankayenera kukhala. Lachisanu ndi opanda GM kapena a usiku umodzi, Fiasco ya 2009, ndi Ironsworn ya 2018 imene ukhoza kusewera ngakhale wekha.

GURPS ndi Savage Worlds musavutike nazo, ndi mabokosi a zida opangira dziko lililonse, muziike pazokha n'kulemba kuti GM akhale ndi nthawi yokonzekera. Fantasy, horror ndi zinazo musazitaye, koma zikhale kachizindikiro kakang'ono pambali pa dzina osati mutu wa gulu. Pambali pomwepo lembaninso madayisi amene ikufuna, komanso ngati malamulo ake amapezeka aulere, chifukwa mabuku atatu a D&D ogula ndi madola si aliyense angakwanitse, pamene PDF ya Ironsworn ndi ya Cairn ndi zaulere, malamulo a Pathfinder ali onse pa webusaiti ya Archives of Nethys, ndipo D&D yomwe ili ndi malamulo oyambira aulere.

Imene ikuvuteni ndi Vampire: The Masquerade ya 1991. Eni ake amati ndi gemu ya nkhani, GM wake amamutchula Storyteller, ndiye anzanu adzafuna kuiika m'gulu lachinayi. Ine ndimaiika lachitatu, chifukwa ukaponya mulu wa madayisi a mbali 10 aja n'kulephera, makamaka m'mabuku akale aja, zimadalira GM kuti nkhani isaime. Mukakangana nazo, ingoseweraniko madzulo amodzi, kenako mundilemberenso mundiuze kuti mwaiika pati.