Mkazi akanenerera mtengo ati ndi wamwano

Achemwali, mwafunsa kuti geni yodutsa malire imayenda bwanji, komanso ngati mkazi amanenerera mtengo mofanana ndi mwamuna. Zoyambazo mudzazionera nokha mukadzagona kawiri pa boda. Koma zachiwirizo ndiye mwandigunda pachilonda.

Mwamuna akakana mtengo n'kutembenuka kuti azipita, ogulitsa amamuthamangira, ati bwanayo geni amaidziwa. Ine ndikachita zomwezo ati ndine wamwano. Ena amayamba n'kufunsa kuti, "Bambo akunyumba ali kuti, tikambirane nawo?" ngati mpambawo ndi wawo. Chonsecho mukawerenga mitu pa mzere wa kasitomu, ambiri ndife azimayi.

Ine ndimanenerera ndi chete. Ndimatchula mtengo wanga kamodzi, n'kukhala duu, maso ali pa msoko wa nsapato ngati ndaonapo vuto. Wogulitsa chete samupirira, amatsitsa yekha. Azibambo ambiri amene ndayenda nawo amafuna apambane lero lomwe, ndiye amanama kuti kwinaku awalonjeza motchipa. Bodza limenelo ndinalisiya kalekale. Ogulitsa amadziwana onse. Amene amandipatsa katundu pangongole panopa, popanda kusainirana, ndi munthu amene sindinamunamizepo pa zaka 11, ndipo azibambo onama aja sawapatsa ngakhale katoni imodzi.

Komatu ulemu womwewu unatsala pang'ono kundimaliza. Chaka changa chachitatu ndinapikula makatoni 40 a nsapato, mpamba wonse, kuwonjezera ya katapila pamwamba. Ejenti wina wothandiza kuombola katundu pa boda, wapakamwa pokoma, anati andikonzera lisiti lina lamtengo wotsika kuti msonkho uchepe. Mtima unakana. Pakamwa ndi pamene panalephera kunena kuti ayi kwa bambo wamkulu wovala tayi, amene ankangoti "mlongo wanga, mlongo wanga."

Pa boda ofesala anang'amba katoni imodzi, anatulutsa nsapato, anaiika pambali pa lisitilo, n'kuseka. Foni ya ejenti inazima ola lomwelo. Katundu yense anamugwira.

Ndinagona pa simenti masiku 9, chikwama ndi chimene chinali pilo. Tsiku lachinayi ofesala uja anandikodola, osati ku ofesi, kuseri kwa mathiraki. Ati, "Mayi, nkhaniyi ikhoza kutha usiku uno, ndinu wamkulu, mukudziwa kale." Bambo wina amene anagwidwa tsiku limodzi ndi ine anangomupempha kangachepe, mawa lake ali pa msewu. Kwa ine mtengo unali thupi. Miyendo ikunjenjemera ndinamuuza kuti andilembere chindapusa pa pepala lachidindo, kulakwa ndalakwa, ndilipira. Anandisunga masiku ena asanu dala. Ndinalipira msonkho wonse, chindapusa, ndi lendi ya mosungira katundu. Makina anga osokera anapita momwemo. Potulutsa katundu makatoni anali 34, ndipo palibe amene ankadziwa kanthu.

Mpaka lero ndikaona yunifolomu m'mimba mumatentha. Alipo abwino, sindikana, koma ambiri sangakuuzeni ngakhale za STR, ndondomeko yofewetsera a geni zing'onozing'ono kudutsa pa boda, yomwe inayamba mu 2010 pansi pa COMESA, mgwirizano wa zamalonda wa maiko a kum'mawa ndi kummwera kwa Africa. Katundu wosapitirira madola 2,000, wopangidwa m'maiko a mgwirizanowo, ngati ali pa mndandanda umene maiko awiriwo anagwirizana, salipira msonkho wolowera. Msonkho wa VAT wokha musauyese kuti wachoka. Nsapato zanga zija sizikanalowamo, zinali za ku China, koma ndaona azimayi akupereka kangachepe pa katundu woti akanadutsa ndi fomu yaifupi.

Lisiti lenileni muzilijambula pafoni musanakwere. Wina akakuitanirani kuseri, pitani awiri, muone mmene nkhani imasinthira. Ndipo musamasekerere ponenerera, amayesa mwavomera zina.

Ejenti uja ndinakumana naye chaka chatha, tayi yake yomwe ija, akunyengerera kamtsikana kena konyamula zikwama ziwiri. Ndinakagwira dzanja n'kupita nako pa mzere. Iye anangoti, "Mlongo wanga, mwanenepatu."