Chifukwa chake Umberto D. anakusowetsani tulo

Achimwene ena andilembera pa imelo kuti anaonera filimu yakale ya ku Italy yotchedwa Umberto D., ndipo usiku umenewo tulo sanatione. Akufunsa kuti filimu yopanda mfuti, yopanda maliro, ingawawitse bwanji mtima chonchi. Akufunsanso ngati angawaonetse bambo awo, amene anapuma pantchito ndipo amakhala okha.

Achimwene, simuli nokha. Filimuyi inatuluka mu 1952, ndipo anaikonza ndi Vittorio De Sica, amene anaipereka ngati chikumbutso cha bambo ake. Nkhani yake ndi yochepa. Mkulu wina wa ku Rome, dzina lake Umberto, amene anagwira ntchito m'boma zaka zambiri, penshoni yake siyokwanira kulipira lendi. Mwini nyumba akufuna kumutulutsa. Wagulitsa wotchi, wagulitsa mabuku, mpaka wakagona kuchipatala kuti adyeko chakudya chaulere. Alibe mkazi, alibe mwana. Ali ndi kagalu kake, Flike, basi.

Chimene chinakubayani, ine ndikuona kuti ndi manyazi a munthu amene moyo wake wonse wakhala wolemekezeka. Kumbukirani pomwe waima pafupi ndi Pantheon, kachisi wakalekale wa ku Rome, akuyesa kutambasula dzanja kuti apemphe. Munthu wodutsa akupisa m'thumba, iye n'kutembenuza dzanja msangamsanga ngati akungoona ngati kukugwa mvula. Kenako akupatsa galu chipewa kuti alume, iye n'kukabisala kuseri kwa chipilala. Mnzake wakale atatulukira, akunamizira kuti galuyo akungosewera. Palibe amene akulira pamenepo, ndipo n'chifukwa chake olira timakhala ife oonera. Mkuluyu akanapempha chifundo, tikanamumvera chisoni n'kuiwala. Koma akubisa, ndipo tonse timawadziwa akulu otere, a jekete lochapa bwino ndi nsapato zopolisha, amene ukawafunsa ngati adya amayankha kuti adya kale.

Chinanso n'chakuti nkhope ija si ya katswiri wa zisudzo. Carlo Battisti, amene anasewera ngati Umberto, anali mphunzitsi wa zilankhulo pa yunivesite ya ku Florence, ndipo anali asanasewerepo mufilimu. Kamera nayonso sithamanga. Pali pomwe mtsikana wantchito wa mwini nyumba uja, woyembekezera komanso wosowa kolowera, akudzuka m'mawa, kuyatsa moto, kupera khofi, misozi ili m'maso. Ena amati pamenepo n'potopetsa. Kwa ine ndi pomwe pali mtima wa filimu yonse, chifukwa nyumba imodziyo muli anthu awiri osungulumwa ndipo wina sangathe kupulumutsa mnzake. Ku Italy komweko akuluakulu ena sanakondwe nayo. Giulio Andreotti, amene panthawiyo anali m'boma, anaidzudzula poyera kuti ikuchititsa dziko manyazi kunja.

Tsono za bambo anu. Musawatumizire pa foni kuti aonere okha. Mukudziwa kuti chakumapeto Umberto akupita kunjanji atanyamula galu wake, atataya mtima ndi moyo, ndipo ngakhale akubwerako wamoyo, vuto la lendi silinathe, kogona kulibe. Zimenezo n'zolemera kwa munthu wokhala yekha. Ngati mukufuna aione, pitani kumeneko, mukagone, muonere limodzi. Mwina akakuuzani za anzawo akuntchito amene anasowa, mwina akangoti galuyo ndi wanzeru. Zilizonse zimene akanene, musakawakakamize kulankhula za iwo eni usiku womwewo.