Mwana wanga akufuna ntchito ya "msika wa magetsi", kodi ilipodi?

Funso: Mwana wanga wamkazi ali Fomu 4 ndipo masamu ndi fizikisi amakhoza bwino. Ine ndimafuna achite udokotala, koma iye akuti akufuna za msika wa magetsi. Kodi ntchito yotere ilipodi, kapena angokathera kukhoma masola pamadenga a anthu? Mayi wa ku Lilongwe.

Yankho: Mayi, ntchitoyo ilipo, ndipo si yokwera pamadenga ayi, ngakhale okhoma masolawo musawapeputse, akudya bwino masiku ano.

Magetsi sali ngati chimanga choti mukakolola muika m'nkhokwe. Amene akupangidwa ayenera kulingana ndi amene anthu akugwiritsa ntchito nthawi yomweyo, apo ayi makina amazima okha ndipo dziko lonse limatha kulowa mumdima. Kale pafupifupi magetsi athu onse ankachokera ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira pa mtsinje wa Shire, ndipo ESCOM inkapanga, kunyamula ndi kugulitsa yokha. Mu 2017 ntchito yopanga inapita ku EGENCO, makampani omwe si aboma n'kuyamba kulowa. Ku Salima kunatsegulidwa malo opangira magetsi a dzuwa a 60 MW (mamegawati, muyeso wa mphamvu ya magetsi) mu 2021, kenako ku Golomoti a 20 MW okhala ndi mabatire.

Apa ndi pamene mwana wanuyu waona mpata. Dzuwa limapereka magetsi ambiri masana, koma anthu amawafuna kwambiri madzulo, pamene akuphika, kuyatsa mababu ndi kuonera TV. Mtambo ukangodutsa, magetsi a ku Salima amatsika m'mphindi zochepa, ndipo wina ayenera kukhala tcheru kuti adzaze pamene paperewerapo. Ndiye wokhala tcheruyo amulipira ndani, zingati? Mwini batire sapanga magetsi, amangosunga. Mtengo wake auwerengera bwanji? Kampani ikalonjeza 50 MW n'kubweretsa 30, mlandu ndi wa yani? Nanga dzuwa likawala bwino koma mawaya a ESCOM aduka, kampaniyo ilipidwebe? Mapangano ogulira magetsi amakhala a zaka ngati 20, ndipo nthawi zambiri mtengo wake amaumangirira ku dola pamene inu mumagula mayunitsi m'makwacha. Ndime imodzi yolembedwa mosasamala ikhoza kudzalipitsa ndi zidzukulu zanu zomwe. Olemba ndi kuwerengera malamulo amenewa ndiwo a msika wa magetsi.

Kumbukirani pamene namondwe Ana anaononga Kapichira mu Januwale 2022, dziko n'kutaya pafupifupi 130 MW. Masana dzuwa linkathandizako, koma likalowa linkasiya dzenje lomwe lija.

Palinso msika wa mayiko a kum'mwera kwa Africa, Southern African Power Pool, womwe unakhazikitsidwa mu 1995 ndipo ofesi yake ili ku Harare. Kumeneko makampani amatchula lero mitengo ya magetsi a mawa, ola ndi ola. Mawaya akuluakulu a magetsi ochoka ku Matambo m'chigawo cha Tete kufika ku Phombeya ku Balaka cholinga chake n'kulumikiza Malawi kumsika umenewu, ndipo ogula ndi kugulitsa pamenepo ayenera kukhala anthu odziwa.

Tsono aphunzire chiyani? Zipata zazikulu ndi ziwiri: uinjiniya wa magetsi, monga ku MUBAS, kapena maphunziro a zachuma, monga ku UNIMA ku Zomba. MUST ndi Mzuni nakonso kuli maphunziro a za mphamvu. Kwa mwana wokhoza fizikisi, ine ndingasankhe uinjiniya wa magetsi poyamba. Injiniya amaphunzira zachuma pambuyo pake mosavutikira kwenikweni, koma katswiri wa zachuma amene sadziwa chifukwa chake magetsi ayenera kukhala pa 50 Hz (kugunda ka 50 pa sekondi) amangodalira zimene ena amuuza. Komanso tisabisane, mipando ya msika wa magetsi ndi yochepa: MERA (bungwe loyang'anira malamulo ndi mitengo ya magetsi ndi mafuta), ESCOM, EGENCO, unduna woona za mphamvu, makampani a sola, mabanki ndi mabungwe othandiza. Digiri ya uinjiniya imupezetsa nsima pamene akudikira mpando wotere, ndipo ambiri amafikako atagwirako ntchito ndi kuonjezera digiri yachiwiri.

Akalowa ku yunivesite asathawe masamu a statistics, chifukwa kulosera za dzuwa ndi kagwiritsidwe ntchito ka magetsi n'komwe kuli ndalama. Adziwe Excel mozama, aphunzire Python (chinenero cholembera mapulogalamu a kompyuta), ndipo azitha kulemba lipoti lomveka m'Chingerezi. Nthawi ya attachment, yokaphunzira ntchito ku kampani, apemphe kumene amayendetsera magetsi a dziko lonse, asangokhutira ndi kunyamula makwerero.

Pakadali pano alimbikire masamu, fizikisi, kemisitiri ndi Chingerezi pa MSCE. Maphunziro amenewa sakumutsekera khomo la udokotala lomwe inu mukufuna, bola asataye bayoloje. Patchuthi mumuuze afufuze pa intaneti chikalata chomwe ESCOM imapereka ku MERA popempha kukweza mtengo wa magetsi, awerenge, kenako akufotokozereni chifukwa chake mayunitsi akudula. Akagona pa tsamba lachitatu, mukambiranenso za udokotala.