Kabotolo kosakaniza musakayerekeze, achemwali

Achemwali, mawanga a m'masaya mwaonetsa pachithunziwo ndi omwewo anandiyamba ine nditangokwanitsa zaka 40. Ndinkagulitsa tomato ndi repu ku Yeoville, kuno ku Joni, m'mawa mpaka madzulo, popanda ndi chipewa chomwe. Ndinkati ife akuda dzuwa silitichita kanthu. Bodza! Joni ili pamtunda, mamita oposa 1,700, ndiye dzuwa la kuno limaotcha ngakhale mu June tikunjenjemera m'majuzi. Khungu likamawombedwa ndi dzuwa limachulukitsa melanin, ija imapatsa khungu mtundu wakuda, ndipo tikamakula imangounjikana pamphumi ndi m'masaya. Mimba ndi mapiritsi olera zimawonjezeranso.

Ndiye mayi wina wakwathu komwe, wa mpingo umodzi, anandigulitsa kabotolo ka mafuta oyeretsa khungu, kosakaniza yekha, R150, kopanda ndi dzina lomwe. Akuti masabata awiri mukhala ngati khanda. Kuyera ndinayeradi, ndisaname, miyezi inayi anthu akundiyamikira. Kenako Loweruka lina pa chinkhoswe ku Rosettenville, ndili pa mphika wa nsima, nkhope inangoyamba kuyaka ngati andipaka kambuzi. Kuthamangira kubafa, pagalasi masaya ali psuu, timitsempha tikuonekera, tiziphuphu mbwee mpaka m'chibwano. Kuthira madzi, ululu wake ndiye kuposa. Kamwana ka eni nyumba kanandiyang'ana n'kufunsa, "Anti, mwapsa ndi phala?" Ndinakwera taxi nditafunda chitenje ngati namfedwa, ndiwo sindinalawe.

Nditasiya kudzola ndinada kuposa poyamba. Anesi kukiliniki anati zimenezi ndi ntchito za mankhwala amphamvu otchedwa steroid, monga clobetasol, imene imapyapyalitsa khungu, ndipo osakanizawa amathiramonso hydroquinone yoyeretsa khungu, yomwe kuno ku South Africa analetsa m'mafuta odzola kuyambira 1990. Mayi uja nditamuimbira akuti ndinkadzola mopitiriza muyeso, mwinanso wina wandilodza. Kenako kundibuloka pa WhatsApp. Mpaka pano akuimba kwaya kutsogolo, nkhope yakeyo ili mbee, zala zili bii. Mulungu andikhululukire, moni sindimupatsa.

Inu gulani sunscreen, mafuta oteteza khungu ku dzuwa, ya mphamvu ya SPF 50 m'mashopu a mankhwala a Clicks kapena Dis-Chem, muzidzola m'mawa uliwonse ngakhale kuli mitambo, masana kubwerezanso, ndi chipewa chachikulu. Pitani kukiliniki akakuoneni kaye. Mawangawo alekeni, ndi ukulu, palibe chochititsa manyazi. Ngakhale ine kutchalitchi sindipita osapaka foundation, ndipo wina akadziwa dokotala wa khungu wotchipirako andiuze ku inbox.